Mphaka amene ndinamuolotsa Shire

Ikani pansi thumbalo, ana inu. Ikani pansi, ndati! Mwamangamo mphaka ngati chimanga chopita kuchigayo, ndiye mukuti mumukweze pa kabaza mukamutaye kumsika wa Bangula? Ha! Bwerani kuno pamthunzi. Nawenso Esinati, siya mbalezo, sizithawa. Azing'ono akowa angobwera kutchuthi dzana lomweli, ayamba kale kulamula za pakhomo pomwe iwe ndi ine timakhala mwamtendere. Nkhani yotaya mphaka musamaiyambe musanafunse ine. Ine ndinatayapo mphaka, ndipo pang'onong'ono ndikanataya naye limodzi ukwati wa mayi anu. Mukanakhala kuti nonsenu? Bwenzi pano ndikucheza ndi nkhuku.

Nthawi imeneyo mayi anu anali Rozina chabe, mtsikana wa m'nyumba muno, msinkhu ngati wa Esinatiyu. Malemu agogo anu aakazi anali moyo, akuwamba nsomba kuseri uko n'kumakagulitsa kumsika. Ine ndinali munthu wa miono. Inu mumangodziwa nsomba za m'masikito, zija anyamata amakokolola ndi ana ake omwe. Ife timkaluka mono, dengu lalitali la bango, kukamwa kotakata koma kopanikiza cha m'kati, loti nsomba ikalowa njira yotulukira imaisowa. Kumchira kwake timkamanga ndi chingwe, pokhuthulira pake n'pomwepo.

Miono timkaisiya m'dambo popanda woilondera, ndiye aliyense ankaika chizindikiro chake kuti mbala ichite manyazi. Wina ankamangirira kansalu, wina ankaotcha bango kunsonga. Ine ndinkanyada, musaseke. Ndinkanyika mlaza m'matope akuda mpaka ude bii, kenaka n'kuulukira mozungulira mono, mokhotakhota ngati njira ya njoka pamchenga. Kuyambira kuno mpaka ku Tengani, tsidya lino ndi tsidya lija, ngakhale mwana ankadziwa kuti mono wa lamba wakuda mwini wake ndi bambo a Rozina. Palibe anandiberako. Chimenechi muchisunge, tichifuna kutsogoloku.

Ndiye chaka china, mapira akucha, ana onse ali m'minda kuingitsa mbalame, pakhomo pano panafika mphaka. Wamkazi, wotuwa ngati phulusa, khutu limodzi long'ambika. Sanaodire. Anangokhala pakhonde apo n'kuyamba kunyambita phazi, ngati nyumba anamanga ndi iye. Tinafunsa mudzi wonse, mwini wake osapezeka. Posakhalitsa nsomba zinayamba kusowa pawaya wowambira. Osati mitu kapena zoduka, ayi. Milamba yathunthu, yonona, yosankha bwino. Ndinkadabwa kuti kanyama kochepa chotere kamadziwa bwanji mlamba wabwino, komanso kamauika pati.

Ndinati ndimuphe. Agogo anu anandiyang'ana kuchokera kumutu mpaka kumapazi.

"Mphaka saphedwa, bambo a Rozina. Mukufuna kutiitanira tsoka m'nyumba muno? Kamutayeni kutali."

Ulendo woyamba unali wa thumba, ngati wanuwu. Rozina ndi yekhayo amene mphakayo ankalola kumugwira, ndiye anandigwirira nkhope ili gwaa. Ndinamanga thumba pa njinga, n'kupalasa kulowera ku Tengani mpaka miyendo kunjenjemera. Ndinamasula patchire, iye liwiro, ine n'kutembenuka ndikuimba nyimbo ya kutchalitchi. Pobwera njinga inaponda minga. Masiku amenewo omata matayala sanali pa mtengo uliwonse ngati lero, ndiye ndinaikankha padzuwa lija mpaka malovu kuuma. Ndikufika kuno nditatheratu, ndinapeza mphaka ali pakhonde akusamba kumaso.

"Mlendo wanu wafika kalekale," anatero agogo anu. "Amafunsa kuti mwachedwa kuti."

Kuyambira tsikulo mphaka sanalolenso kuti ndimuyandikire. Rozina naye anati akumuthawa. Ndinakhulupirira, poti ine mwana wanga akanena ndinkangovomera.

Pakati pa zimenezi panabwera uthenga waukulu. Kutsidya kwa Shire kunali mnyamata dzina lake Zuze, mwana wa a Alufandika. Ee, bambo anu omwewa, amene lero amayenda atapisira malaya ngati ahedi a sukulu. Nthawi imeneyo anali Zuze chabe, woonda, makutu okha. Ine ndinali nditamuonako kamodzi kumsonkhano wa mpingo, atagwira chipewa m'manja. Akwawo anatuma munthu kuti Loweruka likudzalo adzabwera kudzafunsira Rozina. Mtima wanga unagawikana. Iwo ndi Asena, amalowola, mkazi amapita kwa mwamuna. Ife kwathu mwamuna ndiye amabwera, monga ndinabwerera ine pamudzi pano ndi kamphasa kanga. Koma ndinaona mmene Rozina ankayendera masiku amenewo, ngati mapazi sakugunda pansi, ndipo ndinavomera.

Ndiye ndinati alendo olemekezeka otere asadzapeze waya wopanda nsomba ndi mphaka wakuba ali pakhonde. Akuluakulu a kudooko anandilangiza kuti mphaka pamtunda amabwerera ngakhale umutaye kutali bwanji, koma ukamuolotsa mtsinje fungo la kwawo limamusokonekera. Ndinati basi, yatha.

Ndinatenga mono wanga waukulu, watsopano, wa lamba wakuda wonyezimira. Ndinakulitsa kukamwa pang'ono, n'kuponyamo mutu wa mlamba, n'kuugoneka kuseri kwa khitchini. Ine ndinakabisala kuseri kwa nkhokwe, bambo wamkulu, mkulu wa mpingo, nditanyonyomala nyerere zikundikwera m'miyendo. Mphaka anabwera. Anazungulira mono, ananunkhiza, anakhala pansi. Kenaka anatembenuka n'kundiyang'ana ine pomwe ndinabisalapo, maso ndi maso. Ndinachita manyazi, ana inu, ndinayang'ana kumbali. Nditabweza maso ndinangoona mchira ukulowa.

Iii, ndinavina! Ndinavina utse pabwalo pano masanasana, ndekha, popanda ng'oma. Nkhuku zinabalalika. Agogo anu anatuluka ndi mthiko m'manja n'kunena kuti, "Mwana wanu atabadwa simunavine chonchi."

Tsono tamverani vuto lake. Munthu wamkulu kunyamula mphaka m'dengu kupita naye kumudzi wa eni, anthu akamuona amati chiyani? Amati wanyamula ufiti. Ndiye ndinasankha kuoloka masana enieni, nthawi ija dzuwa la kuno limatentha mpaka mbuzi kuleka kudya, aliyense ali gone pansi pa mtengo. Ndinafunditsa mono chiguduli, n'kuuika m'bwato. Amphaka amaopa madzi, si choncho? Uyu ayi. Chiguduli chitagwa ndinamuona atakhala phee, akuyang'ana kutsogolo ngati mwini bwato, ine ndili wantchito wake. Mvuu inafwenthera chapatali, iye osatekeseka. Ndinangoti ndi kulimba mtima kwa mbala.

Ndinakocheza pamalo pomwe sindinkapadziwa bwino, n'kulowa kanjira ka m'dimba, pakati pa mbatata ndi nthochi. Ndinafika pa mtengo wa masau, pomwe panali bwato lakale long'aluka limene eni ake ankakhalira popuma. Ndinati pano pali bwino, mbewa zilipo, safa ndi njala. Ndinagwada kuti ndimasule chingwe cha kumchira. Mfundo inali itanyowa, yalimba gwa. Ndikati ndiikoke ndi zala, mphaka ankatulutsa dzanja pakati pa bango n'kundikanda. Ndinayesa ndi mano, anandipeza pamphuno. Chipsera chake ndi ichi, bwerani muchione.

Pomwepo ndinamva mawu. Azimayi! Gulu lonse, akubwera m'kanjira komweko, akuseka, makasu akugundana. Kaya n'chiyani chinawachotsa pamthunzi nthawi imeneyo. Ndinadziona mmene akanandionera iwo: mlendo, wagwada m'dimba la eni, magazi pamphuno, akuluma dengu lomwe muli mphaka. Miyendo inaganiza yokha. Liwiro la mtondo wadooka! Ndinagwa m'matope, patapata mmodzi anatsala momwemo, ndinadumphira m'bwato n'kupalasa mosacheuka mpaka tsidya lino.

Ndinafika pakhomo ndili wefuwefu, koma ndikudzitama kuti ntchito ndagwira. Agogo anu anandiyang'ana manja.

"Nanga mono uli kuti?"

Mono wa lamba wakuda! Kukanakhala bwino ndikanangolemba dzina langa pamsana pa mphakayo.

"Mwausiya pati?" anafunsanso.

Ndinafotokoza za nthochi, za mtengo wa masau, za bwato long'aluka. Rozina, amene ankapeta mapira pambali, anagwetsa lichero.

"Ababa, limenelo ndi dimba la kwa a Zuze."

Agogo anu anamuyang'ana nthawi yaitali. "Iwe kutsidya unapitako liti?"

"Ndinangomva, amayi."

Ine funso limenelo silinandilowe n'komwe, mutu unali utazungulira. M'mawa mwake ndinaolokanso mwakachetechete. Pa masau paja panalibe mono, panalibe mphaka. Panali patapata wanga yekha, wina atamukoleka bwinobwino panthambi.

Loweruka linafika. Tinasesa bwalo, tinayala mphasa zatsopano, agogo anu anaphika mpunga n'kupha tambala. Rozina anavala diresi lake la maluwa. Tinadikira mpaka mthunzi wa mtengo uno unafika pakhoma apo. Palibe anabwera, palibe anatuma mawu. Rozina anakavula diresi lija, analipinda, n'kukatsuka mbale zomwe palibe anadyeramo. Sanalire pamaso panga, ndipo zimenezo n'zimene zinandipweteka kwambiri. Apa sindikuseka, ana inu. Ndinachita mantha. Ndinadziwa zimene akuganiza kutsidya: kuti bambo wa mtsikana wakasiya mankhwala m'dimba mwawo. Zuze akanapita, ndipo dzina likanatsala. Ndani akanadzabweranso kudzafunsira mwana wa mfiti? Ndinkafuna kuoloka ndikafotokoze, koma agogo anu anati munthu wothamangira kukakana ufiti asanamufunse ndiye amaoneka mfiti yeniyeni. Masiku amenewo nsomba sindinkaimva kukoma.

Kenaka m'mawa wina, pakati pa sabata, ndikukonza nkhafi pomwe mwakhala inupo, ndinaona anthu akukwera kuchokera kudooko. Kutsogolo a Alufandika eni ake, atavala jekete padzuwa limenelo. Sanatume nkhoswe, anabwera okha, ndipo ndinadziwa kuti zavuta. Pambuyo pawo akazi awo. Pambuyo penipeni Zuze, mutu uli pansi, dzanja lina akukoka mbuzi, paphewa atasenza mono wanga, mphaka ali momwemo.

Tinawayalira mphasa. Tinapatsana moni wautali, wofunsa mpaka nkhuku, aliyense akuopa kuyamba. Mono anauika pakati. Mphaka ankangoyang'ana uyu, kuyang'ana uyo.

A Alufandika anakhosomola. "Baba, uthenga wanu tinaulandira."

Ndinayamba kutsetsereka pampando kuti ndigwade. Agogo anu ananditsina kumsana, kutsina kwa nkhanu. "Khalani chete, amalize," ananong'ona.

"Titaona lamba wakuda tinadziwa mwini wake," anapitiriza. "Titaona za m'katimo tinadziwanso mlandu wake. Mphakayu, baba, ndi wa mayi awa. Dzina lake Dona."

"Dona wanga," anatero akazi awo, akulowetsa chala pakati pa bango. Mphaka uja, amene ananding'amba mphuno ine, anayamba kudzikhula pachala chawo. "Ndinamulera kuyambira ali kakang'ono. Khutu ili anamuluma ndi galu wathu. Chilema chake n'chimodzi, amakonda kukwera bwato la mnyamatayu. Atasowa ndinalira, uyu n'kundiuza kuti wagwidwa ndi ng'ona."

"Nkhabe ng'ona, si ng'ona ayi, bodza lokhalokha!" anakalipa a Alufandika, akuloza Zuze. "Ndiye tinati, Dona wakapezeka bwanji kwa bambo a Rozina, tsidya lina? Tinamukhazika pansi uyu, ndipo anaulula. Kuyambira mapira asanache wakhala akuoloka masana, n'kumakocheza m'bango kuseri kwa nyumba yanu, kumacheza ndi mwana wanu inu osadziwa, ife osadziwa. Tsiku lina anamva kukhosomola kwanu, anathawa, mphaka n'kutsala. Inu, baba, munthu wa ulemu, simunafune kutichititsa manyazi pabwalo. Munangotibwezera chathu m'mono wanu, m'dimba mwathu, kuti tidziwe kuti mukudziwa. Loweruka tinalephera kubwera chifukwa cha manyazi. Mbuzi iyi ndi yopepesera. Ngati mwatikana, tikumvetsa."

Ana inu, pakamwa panga panali yasa. Ndinayang'ana Rozina, amene anali atasuzumira pakhomo. Anabweza mutu msangamsanga. Kuseri kwa nyumba yanga! Ine ndili kalikiliki kusaka mbala ya miyendo inayi! Ndinayenera kukwiya, ndipo mkwiyo unayambadi kukwera, koma unakumana panjira ndi chimwemwe choti sindine mfiti, ndiye zinangosakanikirana. Ndinakhala tsonga, ndinakweza chibwano, ndinasisita ndevu.

"Ee," ndinatero ndi mawu a mkulu wa mpingo. "Ndinkaona zonse. Ndinangoti ndione ngati muli anthu omva."

A Alufandika anaomba m'manja n'kuthokoza m'Chisena chawo. "Takhuta, baba, takhuta. Nzeru zotere n'zosowa."

Zikanathera pomwepo, bwenzi lero mukundiwerengera m'gulu la anzeru a m'chigwa chino. Koma kumbuyo kwanga ndinamva kaphokoso, ngati poto akuyamba kuwira. Agogo anu anali atatseka pakamwa ndi chitenje, mapewa akugwedezeka. Anayesetsa, Mulungu ndi mboni, koma chinaphulika.

"Abodza awa!" anafuula, misozi ili mbwembwembwe. "Sankadziwa kanthu! Amakataya mphaka, ndiye anathawa azimayi a makasu! Taonani mphunoyo!"

Kenaka mayi a Zuze anandiyang'ana kumapazi. "Ndiye patapata uja ndi wanu?"

Basi. A Alufandika anaseka mpaka anavula jekete. Akazi awo anagona chammbali pamphasa. Ine ndinayesa kusunga nkhope, koma inandithawa. Mbuzi nayo inayamba kulira. Agogo anu atapezako mpweya anatembenukira kwa Zuze.

"Nanga iwe mwananga, milamba yanga ija inkakoma?"

Bambo anu anayang'ana pansi n'kunena ndi mawu aang'ono, "Inkakoma, mama." Rozina ndi amene ankamusankhira, n'kumakamupatsira m'bango muja. Dona ankangolandira mitu, mlandu wonse n'kusenza yekha. Mukapita kwanu muwafunse bambo anu za milamba, muone mmene akhosomolere.

Tinamasula mono, ndi mpeni ulendo uno. Mphaka anatuluka, anadziongola, anayang'ana mayi amene anamulera, n'kuwadutsa. Analowa m'nyumba, n'kutuluka ali m'manja mwa Rozina. Mayi a Zuze anati, "Wasankha kale. Rozina adzabwere naye yekha pobwera kwathu." Nkhani ya ukwati tinaiyamba tsiku lomwelo, ndipo mbuzi ija tinaidya pachikwati.

Tsiku lomuperekeza ndinakana kuti wina apalase. Ndinamuolotsa ndekha mwana wanga, katundu wake ali pakati pa bwato, Dona ali pamiyendo pake akuyang'ana kutsogolo monga mwa masiku onse. Tinakocheza pamalo pomwe paja, tinadutsa kanjira komwe kaja, pa masau pomwe paja. Anthu ankaimba, ankalulutira. Pobwerera ndinali ndekha m'bwato. Ndinafika pakati pa Shire n'kuleka kupalasa, ndipo ndinalira ngati mwana, madzi akunditenga. Pakhomo pano nsomba sizinasowenso ngakhale imodzi. Ine ndi agogo anu tinkaziyang'ana zili zodzaza pawaya, n'kumasowa chokambirana.

Ndiye mwamva. Mphaka sangofika pakhomo, amakhala watsata munthu. Uyu wa m'thumbayu wayamba kuoneka mwezi wathawu, wonenepa bwino, ubweya wosalala, wosaopa anthu. Ameneyu ali ndi kwawo. Masulani thumbalo, pang'onopang'ono, muime patali. Tione kumene apite.

Ehee! Mwaona? Wadutsa nonsenu, wadutsa ine mwini nyumba. Esinati, bwanji akudzikhula pamiyendo pako? Bwanji wayang'ana pansi? Ndi nkhope yomweyo ya mayi ako, yogwetsa lichero. Ine ndimangoti njinga yamoto ija imaima kuseri kwa mlambe masana imakhala yatha mafuta. Ndipo mazira a nkhuku zanga ndimati akutha ndi agalu!

Leka kubisa nkhope, mdzukulu wanga, sindikukalipa. Ukamuuze mwini mphakayu kuti pakhomo pano polowera ndi kutsogolo, abwere ndi akwawo, mphasa zilipo. Bwato ndikadapalasa, ndipo ngati kwawo ndi kutsidya ndidzakuolotsa ndekha. Koma umuuzenso kuti asafulumire kwambiri. Chichokereni agogo ako, ndiwe wekha amene umandiseka m'nyumba muno. Mphakayo mupatseni mutu wa mlamba, akhale.